Galimoto ya Ahedi Inkadana ndi Kuima

Galimoto ya ahedi inali yabwino ikamayenda. Vuto linali ikaima. Amuna anga akangochotsa phazi pamoto, injini inkalira mokweza, kenako motsitsa, kenako mokwezanso pang'ono ngati yasintha maganizo, basi n'kuzima. Ndodo ya giya inkanjenjemera mpaka pomaliza. Ikazima inkafuna anthu oikankha, chifukwa sitata inali itafa kale ife tisanafike. Yolira ndi kiyi ndinadzaiona ndili ndi ana atatu.

Ahediwo sanalinso ahedi. Anali atapuma ntchito pasukulu ya mishoni n'kuyamba kulima fodya kumudzi kwawo, kumtunda kwa Malomo, koma dzinalo silinawachoke. Galimotoyo anaigula kwa mmwenye wina nthawi imene amwenye ankachotsedwa m'masitolo akumidzi kuti azikakhala m'tauni. Anaigula osadziwa kuyendetsa. Ankati munthu amayamba wapeza chinthu, woyendetsa amapezeka. Wopezekayo anali amuna anga, amene anaphunzirira pa lole yonyamula fodya.

Malipiro anali ochepa, koma ntchitoyo inali ndi nyumba: zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya ahedi, malata pamwamba, simenti pansi. Tisanalowe mmenemo tinkakhala kwa amalume awo a amuna anga, m'kanyumba kaudzu kodontha pakati penipeni, moti mphasa tinkaisuntha malinga ndi kumene mvula yachokera. Ndinali ndi mwana mmodzi wamkazi, woyamwa. Nditalowa m'nyumba yasimenti ndinakolopa katatu tsiku loyamba, osati chifukwa munali mwakuda.

Miyezi ya mvula galimoto sinavute. Inayamba mphepo ya Ogasiti itabwera, ndipo pofika Okutobala inali itazolowera. Amuna anga anaphunzira kukhala nayo. Kwathu kuja malo athyathyathya ndi osowa, ndiye kulikonse kumene apita ankaimika galimoto yoyang'ana kumunsi, mwala kutsogolo kwa tayala. Ponyamuka munthu ankangochotsa mwalawo, iwo n'kuisiya itsetsereke, n'kuiliza ndi giya yachiwiri. Akakumana ndi ng'ombe pamsewu, phazi limodzi linkagwira buleki, chidendene chake chikuponda moto, galimoto ikubangula ngati ili paulendo wautali chonsecho yaima. Ng'ombe zinkayang'ana n'kupitiriza zawo.

Tsiku limene zinaipa, anyamata achipani anaika mtengo wawo pamlatho, m'chigwa, pamene msewu umakwera mbali zonse ziwiri. Ankaona makadi a chipani. Amuna anga anaonetsa yawo pawindo, phazi lili pamoto, koma wamkulu wa anyamatawo anati aliyense atsike, dalaivala yemwe. Anatsika. Galimoto inalira kawiri n'kuzima. Makadi anali bwino onse. Ahedi atapempha kuti awathandize kukankha, anyamatawo anati iwo anatumidwa makadi, za kukankha sanauzidwe. Okankha anali ahedi ndi mkulu wa mpingo wina amene anamutenga panjira, onse ali m'masuti. Ine sindinalipo. Ndinangoona suti ya ahedi itabwera kwa ine kuti ndichape, mawondo ali ofiira.

Madzulo ake ahedi anaitana amuna anga pakhonde. Ine ndinali kuseri ndikuanula matewera, ndipo matewera angaanulidwe pang'onopang'ono ngati pali chifukwa.

"Adalaivala, Loweruka la mawa lino mwana wanga akukwatiwa."

"Inde, ahedi."

"Akwati adzakwera galimoto iyi kuchokera kutchalitchi mpaka pano. Ikadzazima mwana wanga ali mkati, atavala zoyera, anthu a kuchimuna akuona, Lolemba lake mudzandipatse makiyi onse awiri. A galimoto ndi a nyumba."

"Siidzazima, ahedi."

"Sindinafunse. Ndangokuuzani."

Amene sanaonepo ukwati wa kwathu angaganize kuti imeneyi inali nkhani yaing'ono, poti kuchokera kutchalitchi kufika kwa ahedi munthu wapansi sankatopa n'komwe. Koma galimoto ya akwati siyenda, imakwawa. Amayi amavina kutsogolo kwake, amayala zitenje pansi, amaitchinga mpaka nyimbo ithe, ikasuntha pang'ono ena ayambitsa ina. Ulendo wonse ndi kuima. Ndipo sungabangulitse injini pakati pa amayi a chigwirizano akuimba. Ahedi anali atanena kale kuti safuna phokoso la lole paukwati wa mwana wawo.

Lolemba amuna anga anamasula mapulagi, anawapala ndi sandipepa, anawabwezera. Galimoto inazima monga kale. Anasefa petulo ndi kansalu kanga koyera kamene ndinkasungira ubatizo wa mwana. Inazima monga kale.

Lachiwiri ahedi anaitanitsa makaniko wa ku Malomo. Kwenikweni anali wokonza zigayo, koma ankati injini ndi injini. Anabwera pa njinga ndi chikwama cha masipanala, n'kuyamba ndi kufunsa ngati pakhomopo pankaphikidwa tiyi. Atamwa anatsegula boneti, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti vuto ndi kabuleta. Kabuleta ndi kachitsulo kokhala pamwamba pa injini, kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Zimenezi ndinazimva tsiku lomwelo, chifukwa anandipatsa ntchito.

Pankafunika munthu wokhala pampando wa dalaivala kuti agwire moto ndi phazi pamene amuna awiriwo mitu yawo ili mu injini. Ahedi anati iwo sangakhalepo, ndi eni ake. Mayi a m'nyumba yaikulu, akazi a ahedi, anali pa mtondo ndi anthu a ukwati. Ndiye ndinakwera ine, mwana ndinamusunthira kutsogolo kuti ndisamuphwanye ndi mpando. Amayi odzasinja anaima kaye kuti andione. Wina anafuula kuti, "Mutitengeko, adalaivala, tikupita ku Lilongwe!" Ndinamuuza kuti akwere, koma abwere ndi mwala wake.

"Pondani, mayi!"

Ndinkaponda.

"Siyani!"

Ndinkasiya, n'kuzima. Ikazima amuna awiri aja ankaikankhira kokwera, kuseri kwa chigafa, n'kuitsetseretsanso. Tsiku limenelo inakwera kuchigafa kasanu ndi kawiri.

Makanikoyo anamasula kabuleta yense, anayala tizidutswa pa thumba, anatitsuka ndi petulo, anapemerera m'timabowo ndi pakamwa. Pobwezera panatsala kasipuling'i kamodzi. Anakayang'ana, n'kunena kuti azungu amaika zinthu zina zongowonjezera. Amuna anga anakatola mwakachetechete, ndipo makaniko atapita kukasamba m'manja anakapezera malo ake. Lachitatu makaniko anabweranso, anapotokola tizomangira tiwiri ta pa kabuleta uku ndi uku mpaka galimoto inayamba kutulutsa utsi wakuda. Kenako anati petulo wa masiku ano ndi wosukuluka. Atadya nkhomaliro anawonjeza kuti mwinanso pakhomo pali anthu osakondwa ndi ukwatiwu. Ahedi, amene anali mkulu wa mpingo, anamuuza kuti njinga yake ili pamthunzi paja.

Usiku umenewo amuna anga sanadye bwino. Anandifunsa ngati amalume anafolera kanyumba kaja chaka chino. Ndinati sindikudziwa. Ndinkadziwa. Munali mbuzi.

Tsono pali chinthu chimene ine ndinkachidziwa, koma sindinkadziwa kuti ndikuchidziwa. Loweruka lililonse madzulo ndinkatsuka galimotoyo kuti Lamulungu ipite kutchalitchi yoyera. Amuna anga ankati madzi asafike ku injini. Mayi a m'nyumba yaikulu ankati fumbi ndi fumbi, kaya lili pansi pa boneti, ndipo ankabwera kudzayendetsa chala. Pa awiriwa, woyendetsa chala ndi amene ndinkamumvera. Ndinkapukuta injini ndi chisanza chonyowa bwino, pena n'kuthirako ndi kachitini. Ndipo Lamulungu lililonse m'mawa galimoto inkapita kutchalitchi mofatsa, kuima pachipata osazima, ahedi n'kupereka moni pawindo. Potuluka masana, itakhala padzuwa, inkayambiranso zake. Amuna anga ankati imakonda kuzizira kwa m'mawa. Koma Lolemba nalonso lili ndi m'mawa, ndipo Lolemba inkazima.

Lachinayi m'mawa ndinatenga khasu kuti ndikapale pabwalo pamene padzakhale alendo. Nditangomenya kamodzi, khasu linagweduka mumpini. Mwezi wa Okutobala makasu onse amatero. Mtengo umauma, bowo limakhwepa, ndipo munthu sudandaula, umangouviika m'madzi kuti utupe, mawa ulimire. Ndinauika mu ndowa. Ndinaima pomwepo ndikuyang'ana ndowayo, mpaka mwana anandikoka khutu.

Ndinakumbukira kamtengo.

Mwezi wa Febuluwale, msewu utaduka ndi mvula, galimoto inakhala masabata atatu m'chigafa. Makoswe anadya kapaipi kamphira kamene kankachoka m'mbali mwa injini, pansi pa kabuleta, kupita ku chinthu china chimene chinasiya kugwira ntchito nthawi ya mmwenye yomwe. Amuna anga anati kapaipiko n'kosafunika, chofunika n'kutseka bowo. Anathyola nthambi yaiwisi ya bulugama, anaisema ndi mpeni wanga wa ndiwo, anaikhomera pabowopo. Ndinakumbukira chifukwa mpeniwo anaubweza wobuntha. Ahedi sanauzidwe za makoswe, kapena za kamtengo.

Ndinapita kugalimoto. Boneti inali yotsegula, amuna anga atapita kukabwereka sipanala ina. Kamtengo kanali pomwepo, kakuda ndi mafuta, moti wosadziwa akanati n'chitsulo. Makaniko anakhala masiku awiri mphuno yake ili pafupi nako. Ndinakagwira ndi zala ziwiri. Kanazungulira.

Sindinathamange kukauza munthu. Kamtengoko anasema ndi amuna anga, ndipo pabwalo panali anthu ambiri, ahedi akuyendayenda ndi ndodo yawo kuloza pomanga chisakasa. Mawu akanatuluka pamenepo, ntchito ikanatha Lachinayi m'malo mwa Lolemba. Ndinadikira mpaka masana, anthu onse atapita kukadya, ife tili awiri kuseri kwa chigafa.

"Bambo ake, khasu lija lakhwepa."

"Liviike."

"Ndaviika. Paja mtengo ukauma umachepa, eti?"

"Make mwana, ine mutu wanga uli pa galimoto. Za makasu tidzakamba Lamulungu, ngati tidzakhale tili pano."

"Ndimati mwina kamtengo kaja nakonso kauma."

"Kamtengo kati?"

"Ka mpeni wanga."

Anandiyang'ana. Kenako anayang'ana kunyumba yaikulu.

"Galimoto si khasu."

"Inde, si khasu."

"Iwe unalekeza Sitandade 5."

"Sikisi. Tailizani, ndione chinthu chimodzi chokha. Chikakanika ndikapitiriza kupala pabwalo."

Anachotsa mwala, anaitsetseretsa, inalira. Anaiimika pansi pa mtengo wa mango, ndipo m'malo moti ine ndikwere, anakhala iwo pampando. Ndinabwera ndi thewera lonyowa. Injini inali ikuchita zake zija, kukweza ndi kutsitsa. Nditaweramira pafupi ndinamva kamluzu kakang'ono, konga ka ketulo isanawire. Ndinakulunga thewera pa kamtengo n'kukanikiza ndi chala chachikulu.

"Chotsani phazi."

"Izima."

"Ikazima ndikankha ndine."

Anachotsa. Injini inatsika, inatsika, n'kukhazikika. Inkalira mofanana, du-du-du-du, ngakhale utsi unali wakudabe chifukwa cha zopotokola za makaniko. Ndinachotsa thewera. Inayamba kukweza ndi kutsitsa. Ndinabwezera. Inakhazikika. Ndinachita katatu, chala chikupsa.

Amuna anga anatsika, anabwera kutsogolo, anaima manja ali m'chiuno.

"Ikuba mpweya," anatero. "Mpweya ukulowera pambali, osadzera mu kabuleta. Ndimaganiza zomwezo."

"Ndinaona kuti mukuganiza."

Sitinafune kudalira madzi, chifukwa ukwati unali wa masana. Amuna anga anatenga mpini wakale wothyoka umene unakhala padenga la khitchini zaka ziwiri, wouma moti sukanachepanso. Anasema kamtengo kena, nthawi ino ndi mpeni wawo. Anakakulunga ndi kachidutswa ka chubu cha njinga, anakakhomera, n'kukamanga ndi waya kuti kasadumphe. Kakale kaja ndinakaponya pamoto ndisanafunsidwe.

Kenako panatsala kukonza zimene makaniko anakonza. Apa ndinakweranso pampando. Tizomangira tija tinali tiwiri: kena ka kuchuluka kwa petulo, kena ka liwiro la injini ikaima. Koyambako anakamanga pang'onopang'ono mpaka kanafika, osakakamiza, n'kukabweza kamodzi ndi theka. Ndiye anayamba kukasuntha pang'ono pang'ono, khutu lili pa injini, akundiuza kuti ndichepetse phazi. Ndinachepetsa mpaka phazi linali m'mwamba. Sindinawauze msanga. Anapitiriza kunena kuti "chepetsa, chepetsa" phazi langa lili kale pansi pa mpando.

"Ndachotsa kalekale, bambo ake."

Ndodo ya giya inali itaima chilili. Utsi unayera. Tinaisiya ikulira yokha mpaka mwana anagona ndi kudzuka.

Ahedi anabwera ndi ndodo yawo, anaizungulira, anamvetsera.

"Chinali chiyani?"

"Mpweya, ahedi."

"Mpweya." Anagwedeza mutu ngati ndi yankho limene akanapereka theka la malikisi. "Tiona Loweruka."

Loweruka dzuwa linatentha kuyambira m'mawa. Galimoto anaimanga maluwa a pepala ndi nthambi. Pa mwambo wonse wa m'tchalitchi inali panja padzuwa, yoyang'ana kumunsi. Akwati atatuluka n'kukwera kumbuyo, mwala unachotsedwa, inalira, ndipo isanayende kutalika kwa nyumba imodzi amayi anaitchinga.

Ine sindinavine ukwati umenewo. Ndinayenda pambali pa tayala lakutsogolo, mwana kumsana, botolo la madzi ndi thewera zili m'chitenje. Sindikudziwa kuti ndikanatsegula bwanji boneti pakati pa anthu onsewo, koma ndinanyamula. Nthungululu zinali m'makutu, ng'oma kumbuyo, ine khutu langa lili pa chitsulo. Mayi wina anandigwira dzanja kuti ndilowe m'bwalo. Ndinati mwendo ukundipweteka. Anati nanga ukuyenderanji, ndinati ukaima umapweteka kwambiri.

Pa kadambo ka pakati pa njira, pamene galimoto ikanazima sikanatsetserekera kulikonse, azakhali a mkwatibwi anayala chitenje pansi n'kukhala. Anati sachoka mpaka akuchimuna avine mmodzimmodzi. Akuchimuna anali ambiri, anachokera ku Chisepo pa lole. Ndinayang'ana amuna anga pagalasi. Thukuta linali kutsika m'khosi mwa malaya obwereka, manja onse pa chiwongolero, maso kutsogolo. Injini inatsika kamodzi, pang'ono, ndipo ndinagwira botolo. Inabwerera yokha. Anavina onse, mpaka agogo ena amene anachita kuwagwirira. Ahedi anali ataima patali pang'ono, osayang'ana ovina, akuyang'ana boneti.

Tinafika pakhomo dzuwa litapendeka. Akwati anatsika. Amuna anga anaizimitsa okha, ndi kiyi, ndipo anakhala mkatimo kanthawi anthu onse atapita kuchisakasa.

Lolemba m'mawa ahedi anagogoda pakhomo pathu, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinawapatsa mpando. Anakhala, ndodo pakati pa miyendo.

"Adalaivala, galimoto ija yafatsa."

"Yafatsa, ahedi."

"Kale ndinkaiopa. Ndinkati chinthu chofuna mapazi atatu si changa. Koma mmene ndinaionera Loweruka, ndaganiza kuti mundiphunzitse. Munthu sangakhale ndi chinthu chake n'kumayendetsedwa mpaka kufa."

Amuna anga anati ndi maganizo abwino. Ahedi atapita, amuna anga anakhala pa mpando womwewo. Tonse tinkadziwa kuti mwini galimoto akadziwa kuyendetsa, nyumba ya dalaivala imasanduka mosungira fodya. Kenako anandifunsa ngati kamtengo koyamba kaja ndinakatayadi. Ndinati kanaphika nyemba.

Anaganiza masiku awiri. Lachitatu anapita kwa ahedi n'kuwauza kuti kuyendetsa galimoto kuli ngati sukulu, kuli ndi makalasi ake, ndipo wodumphitsa mwana kalasi amamuwononga. Ahedi anati mawu amenewo akhala akuuza makolo zaka zonse za ntchito yawo. Anagula kope latsopano n'kulemba dzina lawo pachikuto.

Chigawo choyamba chinali cha matayala: kumasula, kumata, kupopa. Chinatenga mpaka mvula. Nthawi ya mvula sukulu inatsekedwa chifukwa cha matope. Chigawo chachiwiri chinali mayina a zinthu za mu injini, ndipo ahedi anakhoza bwino kwambiri, ankabwera ndi mafunso awoawo. Pa chithunzi chimene anajambula m'kope, kamtengo kaja anakalemba kuti "chotsekera mpweya", poti ndi mmene anauzidwira. Kenako amuna anga anati munthu asanapite kutsogolo ayenera kudziwa kubwerera m'mbuyo, chifukwa kutsogolo aliyense amatha. Tsiku loyamba la giya yobwerera, ahedi anagwetsa nkhokwe ya akazi awo. Anapempha okha kuti abwereze kalasi.

Mwana wathu wachitatu anabadwira m'nyumba yomweyo, pasimenti, ahedi akadali pa giya yobwerera.